Mthuthuthu wa Agogo Akatekisi

Anzanga ambiri pano pa seminale amandiseka chifukwa cha chipsera chimene chili pa chala changa chachikulu cha kudzanja lamanja. Ena amati ndinapsa poba mbatata yootcha kukhitchini, ena amati ndi chidindo cha mwana wosamva. Tsono akonzi a magazini yathu atandipempha kuti chaka chino ndilembepo kanthu, ndinati ndifotokoze m'mene chipserachi chinadzera, kuti wofuna kuseka aziseka akudziwa mutu wake. Nkhaniyi ndi ya njinga zamoto ziwiri, ina nkhalamba ina ya dzulodzuloli, zimene pa tchuthi cha mu August 2023 tinaziphatikiza n'kukhala njinga imodzi.

Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi Limbuli, pa msewu wochoka pa boma kupita ku chipata cha Muloza. Amene munafikako mukudziwa kuti ukangopatuka pa tala, njira zake ndi zokwera ndi zotsika, zodutsa m'minda ya tiyi ndi ya nanazi, ndipo dothi lake lofiira likanyowa limaterera ngati therere. Galimoto sifika paliponse. Wodwala, mayi woyembekezera, thumba la nandolo, zonse zimadalira njinga.

Bambo anga anatisiya ndili Sitandade 5. Monga mwa mwambo wathu, amalume, alongo awo a mayi, ndiwo eni mbumba, ndipo nditasankhidwa kubwera kuno mu 2022 iwo ndiwo anati, "Fizi ndi yanga, iwe lako ndi buku." Ntchito yawo ndi ya kabaza. Njinga anaigula mu 2021 kutsidya, ku Milange, yachitchaina, yaitali miyendo, ya matayala a mano akuluakulu oyenera m'matope. Inali yonyezimira, yoliza ndi batani, ndipo amalume ankaipukuta m'mawa uliwonse iwo eni asanasukusule. Sopo amene ndinkachapira kuno, nsapato za ku Misa, ndalama ya basi, zonsezo zinkatuluka mu injini ya njinga imeneyo.

Za namondwe wa Freddy sindichulutsa gaga, poti m'kalasi mwathu momwe muli anzathu amene anataya abale. Pakati pa mwezi wa March 2023 mvula inagwa usana ndi usiku, madzi ndi miyala zinatsika m'phiri, anthu oposa 600 anafa m'chigawo chathu cha kummwera ndipo ena mazanamazana sanapezeke. Kwathu Mulungu anatichitira chifundo, kunangogwa khitchini ndi chimbudzi. Njinga nayo inapulumuka masiku oopsawo. Inadzafa patapita sabata ziwiri, madzi ataphwerako, tsiku limene amalume ananyamula mayi wina wodwala kupita naye kuchipatala. Mlatho wa pa kamtsinje kathu unali utakokoloka, choncho anthu ankawolokera m'madzi. Wodwalayo anatsika, anyamata anamuwolotsa pamsana. Amalume anaona ngati madzi ndi olekeza m'maondo, osadziwa kuti pakati pakumbika dzenje. Njinga inamira mpaka thanki, injini ikulira.

Aphunzitsi athu a sayansi amati mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika. Ine ndinkangoloweza kuti ndikhoze mayeso, koma tanthauzo lake ndinadzaliona ndi maso. Injini ikamalira imakoka mpweya, ndipo ikamira imakoka madzi m'malo mwake. Pisitoni pokwera imakumana ndi madziwo, ilibe kowakankhira, ndiye chimene chimagonja ndi konirodi, ndiko kuti mkono wachitsulo umene umagwira pisitoniyo. Unapindika. Choipitsitsa n'chakuti amalume, poganiza za wodwala, anachotsa pulagi, anakhuthula madzi, anyamata n'kuwakankha mpaka njinga inalira. Anafikadi kuchipatala, koma pobwerera, oyilo atasakanikirana ndi madzi ndi mchenga, mkono uja unathyoka n'kuboola chimimba cha injini. Ine ndinadzaipeza itaikidwa pakona, ili ndi bowo loti n'kulowetsamo zala zitatu.

Fulemu, matayala, mashoko, thanki, zonse zinali bwinobwino. Koma mtengo wa injini yatsopano unali wosayandikirika, pajatu kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndipo zitsulo zonse zochokera kunja zinakwera. Amalume anayamba kuyendetsa njinga ya munthu wina, kupereka ndalama kwa mwini wake madzulo alionse, iwo n'kutsala ndi ya ufa basi. Fizi ya teremu yachitatu sinalipidwe. Bambo Rekitala anandilola kumaliza chaka, koma potsekera anandipatsa kalata yopita kwa makolo. Inali kalata yaulemu ndi yachifundo, komabe ndinaiwerenga katatu m'basi ndipo ulendo wonse mtima unali m'mwamba. Ndinkadzifunsa ngati bedi langa la ku dometore ndidzagonaponso.

Apa mpamene pakulowa agogo, bambo awo a mayi ndi amalume. Agogo anakhala katekisi zaka zoposa 30, ndipo m'chipinda chawo chosungira chimanga munali njinga ina yofundidwa mphasa: Honda XL125S. Inabwera ndi wansembe wina wa chipani cha Montfort wochokera ku Holland kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo pobwerera kwawo mu 1988 anaisiya m'manja mwa agogo. Anthu a m'mudzi sankaitchula njinga yamoto ayi, ankati mthuthuthu wa akatekisi. Ana akaumva patali ankathamangira kukaimba belu la tchalitchi.

Mbiri ya mthuthuthu umenewu tinaimva kambirimbiri pamoto. Unkawatengera agogo kwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anadzaza m'dera la Muloza, kukaphunzitsa katekisimu ndi kuika maliro. Mu March 1991, Napolo atadutsa ku Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, anazungulira nawo phiri kukafunafuna abale. Koma nkhani imene amaikonda koposa ndi ya pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, tsiku limene kalata ya aepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi. Ku nthambi kumene kunalibe wansembe owerenga anali akatekisi, ndipo agogo anaiwerenga okha, mawondo akuombana. Patangopita masiku owerengeka boma linati kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Agogo anaipinda yawo n'kuibisa m'bokosi la fyuluta ya mpweya, pansi pa chishalo, ndipo anayenda nayo choncho miyezi ingapo. Amati njinga inkatsamwa pachitunda, koma palibe anaganiza zofufuza m'menemo.

Chimene chinatha pa njingayi ndi fulemu. Inang'aluka pakhosi, anaiwotcherera katatu, kachinayi amisiri anakana nati idzawapha. Mashoko anali atafa, masipoko adzimbiri. Nawo maondo ndi maso a agogo anayamba kufooka, choncho cha m'ma 2012 anaiimika. Komatu sanaitaye. Mwezi uliwonse ankachotsa pulagi, kudonthezera timadontho ta oyilo m'kati, n'kuponda kiki kangapo kuti pisitoni isagwirane ndi khoma lake. Ife adzukulu tinkaseka kuti agogo akudyetsa maliro phala.

Aliyense pabanja pathu ankaona yankho: kuno fulemu yopanda injini, uko injini yopanda fulemu, pakati pake mtunda wosakwana kilomita imodzi. Vuto linali lakuti agogo ndi amalume sankayankhulana bwino. Sindilowa m'kati mwa nkhaniyo poti makolo akuwerenga ndipo si yanga. Ndingoti inakhudza ukwati umene sunadalitsidwe kutchalitchi, mawu amene ananenedwa pagulu oyenera kunenedwa kuseri, ndi zaka zisanu ndi chimodzi zimene amalume sanapondemo m'tchalitchi. Amalume anati ndi bwino afe ndi njala kusiyana n'kukapempha. Mayi anayang'ana ine.

Ndinawapeza agogo pakhonde akusenda chinangwa.

"Agogo, ndabwera ndi pempho."

"Wakutuma ndani, amako kapena uja?"

"Ndabwera ndekha, agogo."

"Ha! Wayamba kale bodza usanavale ndi mkanjo womwe. Nena."

Ndinafotokoza za kalata ya Bambo Rekitala, ndipo pofuna kufewetsa nkhani ndinaonjeza bodza lachiwiri. Ndinati injiniyo tingobwereka, amalume akapeza ndalama ya yatsopano tidzaibwezera m'malo mwake. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati iwo anamuuza kale mwana wawo kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, njinga zonyezimirazi zilibe mtima. Ndinafuna kuwayankha kuti ngakhale Honda ikamwa madzi imafa chimodzimodzi, koma ndinadzigwira. Anandiuza kuti ndizipita.

Patapita masiku atatu anaitanitsa amalume, ine ndikhalepo ngati mboni. Anatulutsa makope anayi omangidwa ndi luzi. M'menemo munalembedwa tsiku lililonse limene anasintha oyilo kuyambira 1988, makilomita ake, ndi kumene anagula. Anati injini ipita ndi makopewa, oyilo azisinthidwa pa makilomita 1,000 alionse ndipo zizilembedwa. Chachiwiri, Lamulungu lililonse m'mawa njingayo izibwera kudzawatenga kupita nawo ku Misa, poti miyendo siikuwafikitsanso. Amalume anati, "Ababa, Lamulungu m'mawa mpamene pamakhala makasitomala." Agogo anayamba kumanganso makope aja. Amalume anavomera.

Tinainyamula injiniyo pa wilibala kupita nayo kwa mkulu wina wokonza njinga pa Limbuli, amene ntchito anaiphunzirira m'galaja ya pa esiteti ya tiyi. Si Mkatolika, koma atamva kuti ndine wa ku seminale anayamba kunditchula "a Fada", ndipo anati sabata imeneyo ndikhale mnyamata wake wa masipanala kuti mtengo utsike. Ataiona injini anaisisita ngati mbuzi ya pamsika, natseka bowo la pulagi ndi chala, ine n'kuponda kiki. Mpweya unakankha chalacho kuti fuu! Mkuluyo anaseka. "Yamoyo iyi. Amene amaisunga amadziwa chimene akuchita."

Iye ndiye anandifotokozera chifukwa chake ntchitoyi inali yotheka. Injini zambiri za njinga zachitchaina zimene zadzaza m'misewu yathu anazikopera ku Honda CG125, imene inatuluka mu 1975, ndipo CG ndi XL ndi ana a mbumba imodzi. N'chifukwa chake chimimba chake n'chofanana kukula, ndipo mabowo a mabawuti amakhala moyandikana. Kusiyana kuli kumutu. A Honda popanga CG ankaganizira maiko ngati athu, kumene anthu amachedwa kusintha oyilo, ndiye anaipanga yopirira: mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo tochokera pansi. XL ili ndi kamu pamwamba, yozunguzidwa ndi katcheni kakang'ono, ndipo kamuyo imagona pa aluminiyamu wa mutu wa injini popanda bering'i, pakati pake pali oyilo yekha. Oyilo akada kapena akachepa, mutu umadyeka, ndipo mutu wa njinga ya zaka 40 suupeza pa Limbuli ngakhale ku Limbe. Apa ndinazindikira kuti makope a agogo sanali nthabwala. Amalume, amene poyamba ankasintha oyilo akakumbukira, anangoti zii.

Masiku awiri oyamba tinathera pa injini yokha. Tinaika maring'i atsopano ndi magasiketi. Mbale za kilatchi zinali zitamatana chifukwa chokhalitsa, tinazilekanitsa n'kuziviika mu oyilo. Injini imeneyi ilibe fyuluta ya pepala ngati ya galimoto. Ili ndi kasefa ka waya pansi ndi kachikho kozungulira kamene kamaponyera zinyalala m'mbali mwake, ndipo m'kachikhomo tinapalamo phala lakuda lolimba ngati sera. Kabuleta inali yobiriwira m'kati ndi petulo wakale. Ntchito yoitsuka inali yanga, ndipo ndinaibwereza katatu poti mkuluyo ankayang'ana timabowo take padzuwa n'kungopukusa mutu. Mpata wa mavavu anauika pa 0.05 mm, wochepa kuposa kukhuthala kwa pepala la m'kope. Ndinadabwa kuona munthu wa zala ngati mitsi akuyeza kanthu kotero.

Tsiku lachitatu tinailowetsa mu fulemu. Bawuti la pansi kumbuyo linalowa lokha ngati kwawo, ife n'kukuwa ndi chimwemwe. Chimwemwecho sichinakhalitse. Bowo la pamwamba pake linaphonya pang'ono, timbale ta kutsogolo sitinafike n'komwe, ndipo chogwirira cha kumutu chinali patali ndi zala ziwiri. Amalume, poona dzuwa likupendeka ndipo tsiku lina lapita osagwira ntchito, anatola tupa kuti akuze bowo la pa injini. Mkulu uja anawagwira dzanja.

"Achimwene, injini sitisema. Timasema fulemu."

Amalume anati kusiyana kwake n'kotani, bowo ndi bowo. Mkuluyo anati chimimba cha injini ndi aluminiyamu woumba, ukachepetsa mnofu wozungulira bowo, kunjenjemera kwa m'misewu yathu kumaung'amba tsiku lina, ndipo ukang'ambika palibe kogula wina. Koma kambale kachitsulo ukalakwitsa umataya n'kudula kena, ngakhale kakhumi. Anakanganapo ndithu, mawu anakwera, anthu odutsa anaima. Ine ndinali mbali ya amalume mumtima, poti masiku otsekulira sukulu ankayandikira ndipo tupa ikanatha nkhaniyo m'mphindi khumi. Lero ndikaganiza ndimachita manyazi. Mkuluyo anamaliza ndi kunena kuti ngati tupa ikhudza injini, titenge katundu wathu tikakonzetse kwina. Tupa inabwerera m'bokosi.

Tinayamba kupanga timbale tatsopano. Apa bokosi langa la masamu linagwira ntchito imene silinagwirepo m'kalasi. Tinaimika injini pa njerwa ndi timatabwa pamalo pake penipeni, ine n'kumadula katoni ya sopo, kuyeza ndi kampasi kutalikirana kwa mabowo, kuboola ndi msomali, kuyesa, kutaya, kuyambanso. Katoni itakwana bwino tinajambula pa chitsulo chokhuthala mamilimita asanu chimene tinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kudula ndi sowo. Kudula chitsulo chotere ndi sowo wamanja ndi ntchito yoti munthu ukhoza kumaliza kolona yonse kambale kamodzi kasanaduke. Kuboola ndi kuwotcherera kunafuna magetsi, ndipo magetsi anazima tsiku lonse ndi theka. Tinangokhala pansi pa mtengo, chiperoni chikuwaza, tikudya nzimbe.

Magetsi atayaka aliyense anali pa liwiro. Wowotcherera anamaliza khutu latsopano la chogwirira cha kumutu, naliponya pansi. Mkulu uja anati, "A Fada, patseni icho." Chitsulocho chinali chitasiya kufiira, chikuoneka chakuda ngati chinzake chilichonse. Ndinachitola ndi manja. Anzanga, mawu amene ndinatulutsa sali m'buku la mapemphero, ndipo ndinakawalapa. Chipsera chija n'chimenecho. Mkuluyo anandiviika dzanja mu ndowa ya madzi uku akuseka, nati tsopano ndalembedwa m'kaundula wa amisiri.

Chimene chinatidyera nthawi koposa ndi chinthu chimene ine sindikanachiganizira: mzere wa tcheni. Kagudumu ka mano ka pa injini ndi kanzake ka pa tayala la kumbuyo, zimene amakaniko amati masipoketi, ziyenera kuyang'anana ndendende. Tcheni chinali cha saizi imodzi pa njinga zonse ziwiri, 428, koma titakoka ulusi kuchokera kumbuyo tinapeza kuti ka kutsogolo kalowa m'kati pafupifupi mamilimita anayi. Amalume anati zimenezo n'zochepa, tcheni chidzazolowera. Mkuluyo anawafunsa ngati anaonapo tcheni chikuvuka njinga ikutsika chitunda, kumbuyo kuli mayi ndi mwana kumsana. Chikavuka chimakulunga, tayala limaima nthawi yomweyo. Tinamasulanso mabawuti onse, kuika mawashala mbali ina, kupala kambale mbali inayo, kukoka ulusi, kumasulanso. Kanayi. Pomaliza anazunguza tayala ndi dzanja, khutu lili pafupi ndi tcheni, nati, "Imvani, chasiya kudandaula."

Zotsalazo zinali zing'onozing'ono koma zambiri. Paipi ya ekizozi inkagunda fulemu, anaitenthetsa n'kuipinda. Kiki pobwerera inkamenya chopondera buleki. Kabuleta sinayang'anane ndi bokosi la fyuluta, tinalumikiza ndi chidutswa cha paipi ya rabala ya galimoto, ndipo mkuluyo anamanga mbali zonse ziwiri molimba nati fumbi la mu October likapeza polowera, maring'i athu atsopano sadzaona Khirisimasi. Pa mawaya tinapeza mwayi, poti amene anakopera injini anakoperanso mitundu ya mawaya: wobiriwira ndi wopita ku fulemu pa njinga zonse ziwiri. Koma magetsi a njinga yakale ndi a mavoti 6 pamene a yatsopano ndi a 12. Nyali inkangofiira ngati chikuni. Tinatengera koyilo ya nyali kwa munthu wina wokulunga mamota, amene anaikulunganso ndi waya wochepa thupi koma mizere yambiri. Batani loliza lija linangotsala chokongoletsa, poti injini ya agogo ilibe sitata. Izi zinawapweteka amalume kuposa zonse. Anati anzawo pa siteji adzawaseka kuti abwerera ku nthawi ya atsamunda.

Tsiku loliza linali Lachisanu. Mayi anatuma mnyamata kukatenga agogo pa njinga yakapalasa, ngakhale iwo ankati alibe nazo ntchito. Anakhala pa benchi chapatali, chipewa chili m'maso. Amalume anaponda kiki kakhumi, kamakumi awiri, thukuta kamukamu. Injini inkangoti bhu, n'kukhala chete. Mkulu uja anayang'ana moto wa pulagi, unalipo. Petulo ankafika. Anthu anayamba kuunjikana, ena n'kumati nkhalamba siibwerera ku unamwali. Ine m'mimba munali mutatentha, ndikuwerengera ndalama imene mayi anakongola ku banki m'khonde kuti tigule maring'i.

Kenaka agogo anayankhula osadzuka pa benchi. "Wayimwetsa kwambiri. Tseka petulo, chotsa choki, uponde kasanu kiyi ali wozimitsa. Ukatero yatsa, usakhudze moto ngakhale pang'ono, upeze pamene kiki ikulimba, ubwerere pamwamba, uponde kamodzi mpaka pansi. Imeneyo siifuna ukali."

Aka kanali koyamba m'zaka zambiri kumva agogo akuuza amalume chinthu popanda mawu obaya. Amalume anachita monga anauzidwira. Pa kuponda koyamba inatsokomola. Pa kachiwiri inalira, utsi woyera uli tolotolo, oyilo wa madontho a zaka khumi ndi chimodzi akupsa. Utsi utatha panatsala kulira kuja kumene ndinkangokumva m'nthano: thu, thu, thu, thu, modekha ngati mtondo wa mayi mmodzi. Amayi ena achikulire ogulitsa nthochi anatembenuka, mmodzi nati, "Si akatekisi amenewo?" Agogo anavula chipewa, anapendeketsa mutu kumvetsera, ndipo chimene ananena n'chakuti, "Katcheni ka m'kati kakulira. Kamangeni pang'ono." Mkulu uja anamvetsera nayenso, navomera kuti n'zoona.

Ndisakunamizeni kuti njingayo inasanduka yodabwitsa. Injini imene inafa inali ya 150, iyi ndi ya 125, ndiponso yokalamba. Pa chitunda cha kwathu, itanyamula munthu ndi thumba, inkafuna giya loyamba. Patapita sabata anaika sipoketi yokulirapo kumbuyo, mphamvu pokwera inaonjezeka koma liwiro pa tala linatsika, moti anyamata a pa siteji amawapitirira amalume akuwaimbira hutala. Mbali ina, petulo imamwa pang'ono, ndipo amayi ndi achikulire amaikonda poti siithamanga. Ena amachita kudikira kuti akwere ya akatekisi. Agogo anaumiriranso kuti nambala ya injini isinthidwe m'mapepala, poti njinga yokhala ndi injini ya nambala ina wapolisi akhoza kuiyesa yakuba. Anatulutsa bulubuku yakale m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kalata imene wansembe uja anawalembera powapatsa njingayo, ndipo amalume anapita nazo ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre.

Ndinabwerera kuno mu September ndi theka la ngongole m'thumba ndi kalata ya amalume yolonjeza zotsalazo. Anamaliza mu December, ngakhale kuti mu November kwacha inagwanso ndi 44 peresenti ndipo mtengo wa oyilo unawaliza. Nditawafotokozera Bambo amene amatiphunzitsa Baibulo chifukwa chimene chala changa chinali chomanga, anaseka nati ife a ku Mulanje talitembenuza fanizo lija la vinyo ndi matumba achikopa, taika wakale m'thumba latsopano. Anandifunsa ngati thumbalo silinaphulike. Ndinati ayi Bambo, koma tinalisoka kanayi.

Bodza langa lija linandivutitsa. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita kwa agogo kukawauza kuti ponena zobwereka ndinkadziwa kuti injiniyo siidzabwerera. Anati iwo anadziwa ndisanatseke pakamwa, ndipo chimene chinawakwiyitsa si pempho ayi koma kuwayesa mwana woti n'kumunyengerera ndi siwiti. Anandipatsa chilango chopala dzimbiri pa fulemu yakale ija n'kuipaka oyilo wakutha. Ikadali m'chipinda cha chimanga, yofundidwa mphasa yomwe ija, pakati pake pali mphako pamene panali injini. Nkhuku ina inaikiramo mazira.

Kope lachisanu analiyamba amalume. Zolemba zawo n'zokhotakhota ndipo masamba ali ndi zidindo za zala zakuda, koma madeti ake ali m'ndondomeko, ndipo agogo amaliyendera mwezi ndi mwezi ngati m'mene Bambo Mfumu amayendera mabuku a ubatizo. Kawiri anapeza kuti makilomita apitirira ndi 200, ndipo kunali mlandu.

Za Lamulungu, pangano likusungidwa. Nthawi ikamakwana 7 koloko mthuthuthu umamveka ukukwera kwa agogo. Iwo amakwera movutikira, atavala jekete lawo lakuda, ndodo atapingasa pamiyendo, ndipo njira yonse amalangiza woyendetsa za maenje amene woyendetsayo amawadziwa kuposa iwo. Akafika, amalume amawatsitsa pakhomo penipeni pa tchalitchi, n'kukaimika njinga pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa bwalo. Amakhala pa chishalo mpaka Misa itatha. Mayi anandiletsa kuwafunsa kanthu, ndipo sindinawafunsepo.

Pa tchuthi chapitachi ndinkatumikira pa guwa Lamulungu lina chiperoni chitagwira. Nthawi ya ulaliki ndinaona pa zenera la kumbuyo munthu ataima pakhonde, chipewa cha njinga chili m'manja, njinga ataikokera pansi pa denga. Anakhala pomwepo mpaka dalitso lomaliza. Potuluka ndinawagwira agogo mkono kuwatsitsa pa masitepe, n'kuwanong'oneza kuti, "Agogo, mwawaona amalume pamene anaima?"

"Ndamuona," anatero agogo osatembenuka. "Akuopa kuti pulagi inyowa. Tenga ndodoyi, undikweze."